Mabwinja Ozingidwa ndi Madzi m'Minda ya ku England



Palibe mmodzi wa ife amene sadziwa bwinja. Munthu ukamayenda m'thengo n'kuona nsatsi zamera malo amodzi, mtengo wa mango waima wokha popanda nyumba pafupi, ndipo pansi pali mapale ndi phulusa losakanikirana ndi dothi, sufunsa wina aliyense. Umangodziwa kuti pano panali mudzi. Madzulo ano ndifuna tikaone mabwinja a mtundu wina, kutali ndi kwathu kuno, m'dziko la England, limene akuluakulu athu anazolowera kulitchula kuti Mangalande. Dzina limeneli laigwera bwino nkhani yathu, pakuti zimene tikambe lero ndi za ngalande.

Tayerekezani kuti mwaima m'munda wa tirigu m'chigawo cha Suffolk kapena cha Essex, kum'mawa kwa dzikolo. Mundawo ndi wosalala, wolimidwa ndi thirakitala kuchokera kumalire uku kukafika kumalire uko. Koma pakati pake pali kamalo kamene mlimi wakalambalala. Mitengo yathithikana pamenepo, ndipo mukasendera pafupi mupeza ngalande yotakata yozungulira mbali zonse zinayi. Mwina muli madzi obiriwira ndi ndere, mwina mwaphwa mwangotsala bango ndi matope. M'kati mwa ngalandeyo muli malo okwererapo pang'ono, aakulu ngati theka la ekala kapena ekala yathunthu. Palibe khoma, palibe denga, palibe ngakhale mwala woimirira. Chimene chamera mothinana ndi chitsamba china choyabwa chotchedwa nettle, chimene chimakonda nthaka imene anthu ndi ziweto anakhalapo nthawi yaitali, monga achitira bonongwe pakhola lakale. Komatu zaka 700 zapitazo pamenepa panali nyumba ya munthu womveka, amene anthu a m'mudzi wonse ankamuvulira chisoti.

Ngalande ya madzi yozinga nyumba Angerezi amaitcha moat. Malo otere amene adziwika kufikira tsopano alipo pafupifupi 6,000 m'dziko la England lokha. Ambiri anakumbidwa pakati pa chaka cha 1250 ndi cha 1350, ngakhale kuti ena ndi akale kuposa pamenepo ndipo ena anadza pambuyo. Sapezeka mofanana ponseponse ayi. Achuluka m'zigawo za pakati ndi za kum'mawa, kumene nthaka ndi yamakande, koma m'mapiri a kumpoto ndi a kumadzulo ndi osowa. Chifukwa chake mlimi aliyense angachidziwe payekha: makande amasunga madzi, pamene mchenga ndi nthaka ya njereza zimamwa madzi onse usiku umodzi.

Kuti timvetse mwini nyumbayo, tiyenera kuyamba tamvetsa mawu akuti manor, amene alibe mnzake weniweni m'Chichewa. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, nagawira dziko akuluakulu a nkhondo amene anaoloka naye nyanja. Patapita zaka 20, mu 1086, anatuma alembi kuti akalembe mwini wa munda uliwonse, makasu a ng'ombe amene ali nawo, anthu ake, zigayo zake ndi nkhalango zake. Buku limene analembalo, lotchedwa Domesday Book, lilipobe, ndipo muli maina a malo oposa 13,000. Mmenemo timaona dziko logawidwa m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse ndi mbuye wake. Chigawo chotere ndicho manor. Gawo lina la nthaka mbuyeyo ankalisunga ngati munda wakewake. Gawo lotsala ankalimamo anthu wamba. Ambiri mwa anthuwa sanali mfulu. Malipiro a malo amene ankalimawo anali thukuta lawo: masiku awiri kapena atatu pa sabata m'munda wa mbuye, ndipo nthawi yokolola masiku ankawonjezeka. Ife ntchito yotere tikanaitcha thangata. Tirigu wawo ankayenera kukagaitsa pachigayo cha mbuye, n'kusiyapo gawo. Mwana wamkazi akamakwatiwa, atate ake ankalipira kwa mbuye. Munthu akamwalira, mbuye ankatenga chiweto chabwino koposa cha m'khola la womwalirayo. Milandu ya malire, ya ng'ombe zodya mmera ndi ya ngongole inkazengedwa pabwalo la mbuye yemweyo, kawirikawiri m'nyumba mwake momwe.

Nyumbayo tsono isatinyenge ndi dzina. Siinali linga la mfumu la nsanja zazitali. Mtima wake unali chipinda chimodzi chachikulu chotchedwa hall, chopanda siling'i, moto uli pakati penipeni, utsi n'kumatulukira kudenga monga m'khitchini za kwathu. Mmenemo ndimo ankadyera, kuzengera milandu ndi kulandirira alendo, ndipo antchito ena ankagona momwemo. Kumapeto kwina kunali chipinda cha mbuye ndi banja lake. Kumapeto kwinako kunali mosungira mkate ndi mowa. Khitchini kawirikawiri inkamangidwa payokha, pang'ono patali, poopa moto. Pozungulira bwalo panali nkhokwe zazikulu, makola a akavalo ndi ng'ombe, nyumba yofululira mowa, mwinanso khola la nkhunda. Kunena zoona, unali mudzi wa mlimi wolemera.

Nanga ngalandeyo ankaikumba bwanji? Apa tiyeni tichite kasamu pang'ono tokha. Titenge malo a mayadi 50 mbali iliyonse, ndipo ngalande yake ikhale ya mayadi 5 m'lifupi ndi mayadi 2 kuya, umene ndi msinkhu wamba wa ngalande zotere. Kuzungulira mbali zinayi ndi mayadi 220. Dothi lotuluka mmenemo lingadzaze ngolo zoposa 1,500. Ngati munthu mmodzi akumba ndi kututa ngolo ziwiri patsiku, amuna 20 angathe masabata 6 kapena 7 ali pantchito imeneyi. Ndipo kumbukirani kuti ankakumba makande, ndi mafosholo a mtengo okhala ndi chitsulo kumlomo kokha. Dothilo nthawi zambiri ankaliponya m'kati, n'kulisalaza, kotero kuti malo omangapo nyumba ankakwera ndi kuuma. Madzi ankachokera kukasupe, kapena kumvula yokha, kapena kukamtsinje kamene ankakapatutsa ndi mchera wolowetsa madzi mbali ina ndi wina wotulutsa mbali inayo. Kumene nthaka inali yomwa madzi ankamata pansi ndi m'mbali ndi mtapo wopondaponda. Polowera panali mlatho wa matabwa, kapena ankangosiya kamtunda kosakumba kuti ngolo zizidutsapo.

Funso limene akatswiri ofukula zakale akhala akutsutsana nalo ndi lakuti: munthu ankadzivutitsiranji chonchi? Yankho lobwera msanga ndi lakuti ankaopa nkhondo. Koma mukayendera malowa, yankho limeneli limayamba kutsimphina. Ngalande zina zili ndi mbali zitatu zokha. Zina zili m'munsi mwa chitunda, pamene munthu wa uta akanaima n'kumalasa m'bwalo mosavuta. Zambiri zinalibe khoma lililonse kumbuyo kwake koma mpanda wa mitengo kapena wa minga. Gulu la nkhondo la mfumu silikanachedwa ndi madzi a mayadi 5.

Komabe tisafulumire kuseka eni ake. Nkhondo ya mafumu ndi ina, chipwirikiti cha m'midzi ndi china. M'chaka cha 1285 Mfumu Edward I inakhazikitsa lamulo la ku Winchester, lolamula mwa zina kuti m'misewu yopita kumisika tchire lilambulidwe mapazi 200 mbali zonse ziwiri, kuti achifwamba asowe pobisala. Lamulo lotere silibadwa m'dziko la mtendere. Ndipo achifwamba oopsa a nthawi imeneyo sanali amphawi ayi. M'chigawo cha Leicestershire munali abale a banja la Folville, ana a mbuye wa manor, mmodzi wa iwo wansembe ndithu. Mu 1326 Eustace Folville ndi anzake anapha panjira Roger Beler, mmodzi wa oweruza akuluakulu oyang'anira chuma cha mfumu. Mu 1332 gulu lomwelo linagwira woweruza wina, Richard Willoughby, ndipo linam'masula atalipira ndalama zotchedwa mark zokwana 1,300. Mark imodzi inali mapeni 160, pamene waganyu ankalandira peni imodzi kapena awiri patsiku. Eustace anamwalira imfa ya pamphasa mu 1346, osapachikidwa. M'dziko lotere, munthu wokhala ndi nkhokwe zodzaza ndi akavalo m'khola anali ndi chifukwa chofunira kuti pakhomo pake pakhale njira imodzi yokha yolowera. Wakuba angathe kusambira, koma sangasambire ndi ng'ombe usiku popanda agalu kumumva.

Ngalandeyo inali ndi ntchito zinanso. Inkakhetsa madzi a pamalopo, inkatsekereza ziweto kuti zisalowe m'dimba, ndipo moto ukabuka madzi anali pafupi. Munalinso nsomba. Masiku amenewo Mpingo unkaletsa nyama Lachisanu lililonse, nyengo yonse ya Lenti ndi masiku ena ambiri. Anthu wamba ankadya nsomba za m'nyanja zouma kapena zothira mchere. Nsomba yaiwisi ya m'dziwe, ngakhale mkunga wonenepa, inali ndiwo yopatsa mlendo wolemekezeka. N'chifukwa chake pafupi ndi ngalande zambiri timapeza maenje ena aatali, amene anali maiwe oweteramo nsomba.

Koma ine ndikaona kuchuluka kwa malowa, ndi kuti m'midzi ina muli ngalande zitatu, zinayi kapena kuposa, ndimaona chinthu china chimene sichichedwa kufala pakati pa anthu: kusafuna kutsalira. Mfumu ndi nduna zake anali ndi malinga a miyala ozingidwa ndi madzi. Mbuye wamng'ono, amene sakanatha kumanga linga, ankatha kukumba ngalande. Ataona zimenezi, wansembe wa parishi anakumba yake, amonke anakumba pamafamu awo, ndipo mlimi wamfulu amene anapeza bwino ndi ubweya wa nkhosa nayenso anati, ine ndine wochepa kodi? Zaka zimenezo chiwerengero cha anthu chinali chitakwera kuchoka pafupifupi 2 miliyoni m'masiku a Domesday Book kufika pafupifupi 5 miliyoni cha m'ma 1300. Anthu ankagwetsa nkhalango kutsegula minda yatsopano, ndipo manja ogwira ganyu anali otchipa. Tayang'anani mpanda wa njerwa wa m'tauni, wa mabotolo oswa pamwamba. Kodi ndi woletsa akuba, kapena wouza odutsa kuti mwini wake wafikapo? Mwini wake mukam'funsa adzatchula akuba, ndipo sadzakhala akunama. Koma sadzakhalanso atanena zonse.

Tsopano tiyeni tipite pamalo amodzi enieni, kuti nkhaniyi ikhale ndi nkhope. Mudzi wa Chalgrove uli m'chigawo cha Oxfordshire, mamailosi 10 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Oxford. M'mabuku a mbiri umadziwika ndi nkhondo ya mu 1643, pamene John Hampden, mmodzi wa atsogoleri a Nyumba ya Malamulo olimbana ndi Mfumu Charles I, anavulazidwa namwalira patapita masiku owerengeka. Koma kufupi ndi tchalitchi cha mudziwo, m'munda wotchedwa Harding's Field, munagona mbiri ina yakale kuposa imeneyo. Kuyambira mu 1976 kufikira mu 1979 akatswiri a bungwe la Oxford Archaeological Unit anafukula mundawo, ndipo anavundukula imodzi mwa nyumba za mtundu umenewu zimene zafukulidwa mokwanira koposa m'dziko lonselo. Buku lofotokoza zimene anapeza linatuluka mu 2005, patapita zaka 26. Musadabwe, kukumba ndi ntchito ya miyezi, koma kutsuka, kuwerenga ndi kuyerekeza phale lililonse ndi fupa lililonse ndiyo ntchito imene imadya zaka, makamaka ndalama zikamabwera modontha.

Pansi penipeni anapeza zizindikiro za anthu amene ankakhala pamalopo ngalande isanakumbidwe, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1200. Pamwamba pa zimenezo panali maziko a nyumba yozingidwa ndi madzi, yomangidwa cha m'ma 1250. Apa nthaka ndi mapepala zinagwirizana. Mu 1233, m'masiku a Mfumu Henry III, manor ya Chalgrove inagawidwa pakati pa anthu awiri, Drew Barentin ndi John de Plessis, ndipo zolembedwa zakale zimasonyeza kuti nyumba ya m'mundawu inali ya banja la Barentin. Kwa zaka 200 ana ndi adzukulu anakhala akuikonza. Ntchito yaikulu inachitika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1300, ndipo ina kumapeto kwa zaka zomwezo. Wofukula amaona zimenezi monga mmene mayi amaonera zigamba pa chovala: khoma ili lagundana ndi lija koma silinalukane nalo, ndiye kuti linadza pambuyo, khomo ili linatsekedwa, pansi apa anayalapo kawiri. Anapeza chipinda chachikulu chija ndi zipinda zowonjezera, khitchini, ndi nyumba za ulimi pozungulira bwalo. Anatola mapale a miphika ndi mitsuko, matailosi a pansi okongoletsedwa, zidutswa za galasi, ndalama zachitsulo, zipangizo za mkuwa ndi chitsulo, ndiponso mafupa a nyama zimene banjalo linkadya.

Banjali silinali lachabe. Mmodzi wa iwo, dzina lake Drew Barentin ngati kholo lija, anapita ku London nakhala mmisiri ndi wamalonda wa golide, ndipo anasankhidwa kukhala meya wa mzindawo kawiri, mu 1398 ndi mu 1408. M'tchalitchi cha St Mary cha m'mudzimo muli mapale a mkuwa okumbukira amuna a banjali, ndiponso zithunzi zojambulidwa pakhoma cha m'ma 1320, zimene zinakwiriridwa ndi njereza kwa zaka mazana atatu mpaka zinaonekanso mu 1858. Komabe m'zaka za m'ma 1400 a Barentin anasamutsira mtima wawo kunyumba ina ku Little Haseley, mudzi woyandikana nawo. Mu 1485 malo a ku Chalgrove anagulitsidwa, ndipo posakhalitsa anakhala chuma cha Magdalen College ya ku Oxford. Sukulu yaukachenjede inkafuna lendi ya minda, osati nyumba yakale yofuna kufoleredwa chaka ndi chaka. Zaka za m'ma 1400 zisanathe nyumbayo inagwetsedwa. Ngati mufunsa kuti miyala yake inapita kuti, yankho lake ndi lomwe lija la pabwinja lililonse: mwala wosema, mtanda wa denga ndi thailosi labwino sizigona pansi pamene pali anthu ofuna kumanga.

Ena a inu mukufunsa kuti, kodi munthu amadziwa bwanji za nyumba imene ngakhale maziko ake anazulidwa? Nthaka siiwala msanga. Pamene panazikidwa nsanamira, mtengo umaola koma pamatsala banga lakuda lozungulira pakati pa dothi lofiirira. Pamene anthu anazula miyala ya maziko, pamatsala mzere wa zinyalala za matope a laimu wotsata khoma lonse. Pamene panali moto, dothi limapsa n'kufiira. Ndipo mbewu za m'munda nazo zimaulula. Tirigu womera pamwamba pa ngalande yokwiririka amapeza chinyontho, choncho amatalika ndi kubiriwira. Womera pamwamba pa khoma amapinimbira ndi kucha msanga. Munthu woyenda pansi saona kanthu, koma wokwera ndege amaona nyumba yonse italembeka m'munda ngati pa pepala. Zimenezi zimaoneka bwino chaka cha chilala, monga mu 1976 ndi mu 2018, pamene malo ambiri osadziwika anatulukira. Masiku ano kulinso zipangizo zoyeza m'nthaka ndi magetsi popanda kukumba, ndi china chotchedwa lidar, chimene chimayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka kuchokera m'ndege, ngakhale pansi pa mitengo.

Chuma chenicheni chili m'matope. Pansi pa madzi osayenda mpweya sufika, choncho zinthu zimene pamtunda zikanaola kalekale zimasungika: nsapato za chikopa, mbale za mtengo, njere za zipatso, mungu wa maluwa wosonyeza zimene zinkamera pafupi, ndi mitanda ya mlatho. Mtanda ukakhala wathunthu mpaka kukhungwa, akatswiri amawerenga mizere ya kukula kwake n'kutchula chaka chenicheni chimene mtengowo unadulidwa. Pali msampha umodzi wokha. Eni ake ankakonda kukokolola matope m'ngalande pakapita zaka, kotero kuti zimene zili pansi pake kawirikawiri ndi za masiku otsiriza a nyumbayo. Wofuna kudziwa chaka chimene ngalande inakumbidwa amayang'ana kwina: pansi pa dothi lija linaponyedwa m'kati. Phale limene dothilo linakwirira ndi lakale kuposa ngalande.

Chinathetsa mwambo wokumbawu sichinali chimodzi. Mvula yosalekeza inaononga mbewu kuyambira mu 1315 mpaka mu 1317, kunagwa njala, ndipo pambuyo pake mliri wa ng'ombe. Kenaka mu 1348 ndi 1349 kunadza mliri waukulu wotchedwa Black Death, umene unapha pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka la anthu onse. Manja anachepa, ganyu anakwera mtengo, ndipo thangata linayamba kutha mphamvu. Pa kuukira kwa alimi mu 1381, chimodzi mwa zinthu zimene anthu ankasakasaka kuti atenthe chinali mabuku a mabwalo a ambuye. Ambuye ambiri analeka kulima okha nabwereketsa minda yawo, ena anaisandutsa mabusa a nkhosa. Olemera anayamba kukonda nyumba za njerwa, za mazenera a galasi ndi machumuni, pamalo ouma. Si onse anachoka. Ku Ightham Mote m'chigawo cha Kent, nyumba yoyambidwa cha m'ma 1340 iimirirabe m'madzi ake, ndipo kuyambira mu 1985 ili m'manja mwa bungwe la National Trust. Ku Oxburgh m'chigawo cha Norfolk, Edmund Bedingfeld anamanga nyumba ya njerwa yozingidwa ndi madzi cha m'ma 1482, pamene anzake ambiri anali ataleka kale. M'malo ena ambiri nyumba ya famu ya masiku ano yaima pakati pa ngalande yakale. Koma zikwi zinatsala mabwinja.

Chodabwitsa ndi chakuti nkhosa ndizo zinasunga mabwinjawa. Pansi pa msipu wosalimidwa, ngalande, maiwe ndi mizere ya minda yakale zinagona zaka 500 osasokonezeka. Zovuta zinayamba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1939, pamene zombo zobweretsa chakudya zinkamizidwa ndipo boma la Britain linalamula alimi kugaula mabusa. Maekala oposa 5 miliyoni anasanduka minda ya mbewu. Nkhondo itatha, makina anakula, mipanda ya pakati pa minda inazulidwa, ndipo kwa mlimi wa thirakitala lalikulu ngalande ya pakati pa munda inali chopinga chabe. Zambiri zinakwiriridwa ndi makina okankha dothi. Khasu la ng'ombe la makolo awo linkangokanda pamwamba, koma pulawo ya thirakitala imalowa mozama, ndipo chaka chilichonse imasenga pang'ono pamaziko, n'kumwaza mapale ndi matailosi m'munda monse. Phale likachoka pamalo pake limatsala phale basi. Silingathenso kutiuza kuti linali m'khitchini kapena pansi pa khoma liti.

Lamulo loyamba loteteza zakale m'dzikolo linakhazikitsidwa mu 1882, koma limene likugwira ntchito ku England ndi la mu 1979, lotchedwa Ancient Monuments and Archaeological Areas Act. Malo akalembedwa pamndandanda wa boma, mundawo umakhalabe wa mwini wake, koma iye sangakumbe, kumanga, kukwirira kapena kubzala mitengo pamalopo popanda chilolezo. Ndipo kufufuzapo ndi makina ozindikira zitsulo popanda chilolezo ndi mlandu. Ku England malo otetezedwa chotere alipo pafupifupi 20,000, a mitundu yonse, ndipo bungwe lolangiza boma pa zimenezi kuyambira mu 2015 ndi Historic England. Koma lamuloli linasiya khomo lotsegula. Munda umene unkalimidwa kale umaloledwa kulimidwabe, bola pulawo isazame kuposa kale. Pa pepala zikumveka bwino. M'munda, makamaka potsetsereka, mvula imakokolola dothi la pamwamba, kotero kuti pulawo yoyenda pa msinkhu womwewo chaka chino ikudula pamene chaka chatha siinafike. Mu 2003 bungwe la English Heritage linalengeza kuti malo otetezedwa pafupifupi 3,000 anali kulimidwabe.

Mlimi nayenso ali ndi mawu ake, ndipo ndi omveka. Iye sanapemphe kuti bwinja likhale m'munda mwake. Ekala imene salima ndi matumba a tirigu amene sakolola, pamene ngongole ya thirakitala siidikira. Anthu a mumzinda amene amakonda mbiri salipira feteleza wake. N'chifukwa chake njira imene yathandiza koposa si ya apolisi, koma ya mapangano: boma limalipira mlimi kuti achotse malowo m'ulimi wa pulawo n'kubzalapo msipu. Ngakhale pamenepo ntchito siinathe. Ng'ombe zikachuluka nthawi ya mvula zimaponda m'mbali mwa ngalande mpaka kugumuka. Mitengo ikasiyidwa, mizu yake imang'amba maziko, ndipo ikagwa ndi mphepo imazula dothi lalikulu ngati nyumba. Akalulu amakumba mauna. Chimene chimasunga malowa bwino ndi chomwe chija chinawasunga kale: nkhosa zowerengeka, zodya udzu mopepuka.

Ndipo pali chiwonongeko china chimene chimachitika ndi mtima wabwino. Munthu wagula nyumba ya famu yokhala ndi ngalande, waona madzi akuda odzaza masamba, ndipo akuti, ndiikonze ibwerere mwakale. Aitana makina okumba, ndipo tsiku limodzi lokha matope onse atuluka, aunjikidwa pamtunda. Madzi ayera, abakha abwera, odutsa ayamikira. Koma m'mulu wa matope uja muli mtanda wa mlatho ndi nsapato ya mwana imene inagweramo m'masiku a Mfumu Edward. Zinthu zimene zinapirira zaka 700 m'madzi, zikakumana ndi dzuwa ndi mphepo, chikopa chimakwinyika ndi kung'aluka, mtengo umasweka, ndipo pofika nyengo yokolola zafumbutuka pamodzi ndi dothi limene mwini wake akukathira m'dimba la maluwa.